Beseni la Pamaliro

Ine mawu anga ndi aakulu, sindikana. Ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi ndinkati ndikaitana mwana wanga, amavomera ndi ana a eni. Koma m'mawa umene anthu anabwera kudzamenya mkamwini wanga, mawuwo anandithawa!

Inali nthawi ya mvula, chimanga chikumasula. Kolera inalowa m'mudzi mwathu kuno ku Milange. Woyamba kufa anali bambo wina wonyamula katundu pamalire. Titangomuika m'manda, anthu anayamba kugwa, uyu lero, uyu mawa.

Mkamwini wangayo, mwamuna wa mwana wanga wachiwiri, kwawo ndi ku Molumbo. Munthu wofatsa, wosamwa. A chipatala anamupatsa ntchito yothira mankhwala m'chitsime cha m'mudzi. Ndiye mu mafoni munabwera mawu. Ine sindiwerenga, koma awa anali olankhula. Mwamuna wa mawu okhuthala: "Abale anga, dzukani! Mankhwala akuthira m'zitsime aja ndiwo kolera! Akufuna atithe ife amene sitinawavotere!" Dzina lake osatchula, kwawo osatchula. Koma kuchigayo omwewo, pakhomo la tchalitchi omwewo.

M'mawa umenewo ndikusesa, ndinamva phokoso likukwera kuchokera kuchitsime. Kucheuka, mkamwini ali chilili pabwalo, botolo la mankhwala m'manja. Mudziwe kuti ine ndi iye sitinadyerepo pamodzi. Tikakumana panjira, wina amapatukira patchire. Tsiku limenelo ndinamugwira pamkono, gwi! Ndinamukankhira kuchipinda kwanga, kumene mkamwini sapondako.

"Amayi, kuno ayi..."

"Khalani chete, bambo! Pansi pa bedi!"

Ndinamanga kapulana, chitenje changa, kolimba n'kuima pakhomo.

Anafika, amuna ndi zibonga, amayi m'mbuyo. Kutsogolo kunali bambo wina wokonza njinga, amene mkazi wake anali gone kuchipatala. Maso psuu!

"Vovo, tipatseni mlendo wanuyo!" Kuno agogo amatiitana choncho.

"Mlendo? Wakubalirani ana m'mudzi muno, lero ndi mlendo?"

"Watipha! Foni yanena!"

Ndinatunga madzi mumtsuko, omwewo a pachitsime, n'kumwa onse akuona. Gubidi, gubidi. Ndinkaganiza kuti nkhani ithera pomwepo. Kumbuyo wina anakuwa: "Anawamwetsa kale mankhwala oteteza! Ndi apongozi ake!" Mwala unamenya chitseko pafupi ndi khutu langa. Wina anali atazula udzu padenga la khitchini, akufunsa machesi.

Apa ndinadziwa kuti munthuyu afa, mwina ndi ine ndemwe.

Ndinaloza wokonza njinga uja. "Iwe, ndinakusambitsa uli khanda, undiyankhe. Akazi ako amatunga kuti?"

Mayi wina anayankha m'malo mwake: "Kumtsinje. Pachitsime anasiya atakangana ndi ife za mzere."

"Eya! Nanga inu amayi mwayankhanu, mumamwa a kuti?"

"A pachitsime."

"Mwatsegula m'mimba?"

"Ine ayi."

"Ana anu?"

"Ayi."

"Kumaliro kuja munaliko?"

"Ndinali kumunda kuphiri, ndinamva mochedwa."

Pamenepo mawu anga anabwerera. Ndinayamba kutchula odwala mmodzimmodzi, nyumba ndi nyumba, iwo akuvomera. Mkazi wa wokonza njinga: anaphika kumaliro. Mkulu wa mpingo: anadya kumaliro. Mlamu wa malemu uja anabwera kuchokera ku Majaua, chitsime chathu sakuchidziwa n'komwe, poti kunyumba ya maliro amatunga kumtsinje. Anakadwalira kwawo.

"Ndiye mankhwala a mkamwini wanga anakwera minibasi ya chapa kumutsatira ku Majaua?"

Wina anaseka, koma anadula msanga. Wa machesi uja anali asanataye udzu.

Chotsala chinali chovuta kunena, chifukwa mkazi wa malemu anali pomwepo, atameta mpala, nsalu yakuda paphewa. Kwathu kuno pamaliro timasamba m'manja m'beseni limodzi. Limayamba kwa akuluakulu, likuyenda, likuyenda, pofika kwa amayi madzi ali bii. Ukakana kusambamo, ndiye kuti ukunyansidwa ndi anamfedwa. Anesi anali atatiuza kuti thupi la munthu wa kolera lisasambitsidwe kunyumba. Achibale anakana, anati munthu wathu sangapite wakuda ngati galu. Anamusambitsa mobisa, n'kutuluka kudzakhala pamphasa.

Ndinati, "Beseni lija linayambira kwa ndani?"



Mchimwene wa malemu anadza pafupi mpaka ndinamva mpweya wake. "Vovo, mukuti ife tapha anthu? Pa maliro athu omwe?"

"Sindinati inu, bambo. Ndati beseni."

"Bwerezani!"

Chibonga chinali m'mwamba. Ine ndinatsinzina.

Amene analankhula ndi wamasiye uja, motsitsa, moti akumbuyo ankafunsana kuti wati chiyani. Anati, "Alamu, tsitsani. Linayambira kwa inu ndi amalume. Inu munamusambitsa. Amalume ali kuchipatala."

Palibe anapepesa. Anayamba kuchoka awiriawiri, ena akutukwanabe, ena akuti foni singaname. Wokonza njinga anatsala yekha, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, mutu m'manja. Ndinamupatsa madzi. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwa.

Mkamwini anatuluka dzuwa lili pamutu, fumbi thupi lonse, osandiyang'ana kumaso. Anagwada patali.

"Amayi, ine ndipite kwathu."

"Atha, bambo. Mwawamva nokha."

"Lero atha, amayi."

Anamanga chikwama panjinga, anadzera njira ya kumunda. Titakolola, mwana wanga anamutsatira ndi ana onse, chinthu chimene kwathu sichichitika, mkazi kusiya mudzi wa mayi ake. Nyumba yawo ndimasungiramo nandolo tsopano. Ku Molumbo ndi kutali, msewu ndi woipa, ndipo mawondo angawa sakwera njinga. Amandiimbira foni Lamulungu akapeza pokwera pomwe foni imagwira bwino. Mkamwini amangopereka moni, n'kupatsira ana.