Gome Limene Ndinalidula Miyendo

Kuwerenga ndinaphunzirira pa matumba a ufa. Tinali ku Malawi nthawi ya nkhondo ya kwathu, ndevu zitayamba kale kumera, ndipo pamsasa wa othawa kwawo ntchito yaikulu inali kudikira. Anzanga ankadikira akusewera bawo, ine ndinkadikira ndikuvutitsa aliyense wodutsa kuti andiuze zimene zilembo za pathumba zikunena. Pobwerera kuno ku Lichinga ndinali nditatenga matenda osachiritsika: kuwerenga chilichonse. Bokosi la mankhwala, kalendala ya chaka chatha, nyuzi yokulungira usipa. Mayi a kunyumba amati atandiiwala pamsika angakandipeze madzulo ndili chiimire, ndikuwerenga chitini cha mafuta.

Ntchito yanga ndi ukalipentala. Choncho akhristu a m'dera lathu la Namacula titamanga katchalitchi kathu, n'kundisankha kuti ndiziwerenga Mawu a Mulungu m'Chinyanja, ndinadzipereka kukhoma gome lowerengerapo. Ndinasankha matabwa a paini ouma bwino, ndinawapala mpaka kuterera. Muyeso ndinatengera pa thupi langa, kuyambira pansi kulekeza pachifuwa. Tsono ine ndine wamtali, wa mtundu uja wothyola mapapaya popanda ndodo. Sindinaganizepo kuti pagomepo padzaimanso munthu wina. Kapena mwina ndinaganizapo, n'chifukwa chake ndinayeza choncho.

Zaka zinapita, zilembo zinayamba kuchita nkhungu ngati m'mawa wa mwezi wa Juni kuno kumtunda. Poyamba ndinanena nyali. Kenaka ndinanena osindikiza mabuku a masiku ano kuti amaumira inki. Kuchipatala anandiuza kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo madokotala opala ng'ala adzafika mvula ikayamba. Ndinadzilimbitsa mtima kuti akandipala Adiventi isanathe, pa Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, wowerenga ndidzakhala ine ndemwe. Adiventi ndi masabata aja odikira kubadwa kwa Ambuye, pamene Lamulungu lililonse timawonjezera kandulo imodzi kuguwa. Chaka chimenecho akhristu anzanga ankadikira Ambuye. Ine ndinkadikira adokotala.

M'malo mwanga akulu a mpingo anasankha mayi wina wamasiye, wogulitsa nyemba pamsika wa ku Chiuaula, amene anaphunzira kuwerenga atakula kusukulu ya akuluakulu. Munthu wabwino, koma wamfupi zedi. Lamulungu loyamba ndinakhala pa benchi pakati pa anthu, malo amene ndinali nditawaiwala. Kandulo ndinkaiona ngati dontho la uchi m'madzi. Mayiyo atafika pagome, mawu ake anamveka ngati akuchokera m'chitsime.

Mayi a kunyumba anandinong'oneza kuti, "Kukuoneka mpango wokha."

Sabata yotsatira anamuikira njerwa yoti apondepo. Njerwayo inkagwedezeka, mawu nawo n'kumagwedezeka. Ambuye andikhululukire, mumtima munakoma.

"Mukumwetulira chiyani, bambo ake?"

"Ndikupemphera."

"Pemphero lake loonetsa mano?"

Ndi mayi a kunyumba omwewo amene anaitana mayi wa nyembayo kuti azibwera kwathu masana kudzakonzekera zowerenga, poti ati pakhomo pali mphunzitsi wongokhala. Tinkakhala pakhonde, mvula ikuwaza pamalata. Iye ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ine ndimezo ndinkazidziwa pamtima, ndiye akangoti wapuma, ndinali nditamuponyera kale mawu otsatira, ngati munthu woponyera nkhuku chimanga.

Tsiku lina tinafika pa ndime ya mneneri yolonjeza kuti ana amene anabalalika adzabwerera kwawo kuchokera kutali. Anaima. Ndinamuuza mawu otsatira. Sanapitirize. Ndinabwerezanso, mokweza pang'ono.

"Achimwene," anatero mofatsa, "mawuwo ndawaona. Ndisiyeni ndiwameze kaye."

Apo m'pamene ndinakumbuka zimene Namacula yense ankadziwa, inenso ndinkadziwa: mwana wake wamwamuna anapita kokumba golide kumpoto, ndipo zaka zingapo zinali zitatha popanda uthenga. Ndime imeneyo ndinali nditaiwerenga Adiventi iliyonse, mothamanga ndi mokweza ngati woulutsa mpira pawailesi, mayiyo ali pa benchi patsogolo panga. Sindinadziwe kuti pali malo oimapo.

Mayi a kunyumba analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mango aulusi, kundiika m'manja.

"Yamwani awa, bambo ake, pakamwa papeze ntchito. Achemwali, yambiraninso."

Anayambiranso. Ine ndinali ndi mango kukamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiphunzirire kuwerenga, ndinamva Mawu akulankhula kwa munthu. Analankhulanso kwa ine. Nanenso ndinakhalapo kutali ndi kwathu, pansi pa tenti ya eni ake, mayi anga osadziwa ngati ndili moyo. Ndinabwerera, koma zoti ndimeyo ikunenanso ine ndinazimvera pakhonde panga, ndili ndi ulusi m'mano.

Sabata imeneyo uthenga unafika kuti madokotala adzabwera chaka chatsopano chikalowa. Ndinakhumudwa masiku angapo. Ndinakana ngakhale tiyi, chinthu chimene sindinakanepo ngakhale pamaliro.

"Ndiye titani?" anafunsa mayi a kunyumba. "Tiwauze Ambuye asabadwe chaka chino mpaka maso anu atachira?"

Ndinapita kukakhala m'shedi momwe ndimagwirira ntchito, ndikupapasa zida zanga. Ndinayesa kupemphera pemphero langa lija lofuna maso, koma linakana kutuluka. Chimene chinkangobwera m'mutu chinali kugwedezeka kwa njerwa ija.

M'mawa mwake ndinatenga sowo ndi chingwe. Akulu a mpingo anavomera, ngakhale mmodzi anafunsa ngati munthu wosaona akuyenera kupatsidwa sowo m'nyumba ya Mulungu. Tinaitana mayi wa nyemba uja. Kuyeza anayeza mayi a kunyumba, kuyambira pansi kulekeza pamene manja a mnzawoyo angagwire buku momasuka. Mzere wa pensulo sindikanauona, choncho anamanga chingwe pa mwendo uliwonse wa gome kuti ndizipapasa ndi chala.

"Mukadula simudzalumikizanso," anatero.

"Ndikudziwa. Kalipentala ndine."

"Achimwene, musavutike chifukwa cha ine," anatero mayi wa nyemba. "Njerwa ija ndayamba kuizolowera."

"Achemwali, njerwayo ibwerere kwa eni ake. Gwirani apa."

Thabwa la paini likakalamba limanunkhirabe utomoni ukalidula. Fungolo linandikumbutsa tsiku limene ndinakhoma gomelo. Kenaka ndinadula. Titaliimika, gomelo linatsimphina: mwendo umodzi ndinaudula mopitiriza muyeso. Pa ntchito zanga zonse, yokhota inali imeneyi. Ndinasema kachidutswa n'kukhomera pansi pake, amayi awiriwo akuseka mpaka kugwirana mapewa.

Pa Misa ya Natale makandulo onse anali atayaka, kwa ine ngati moto wa lupsa woonekera patali. Mayiyo atayamba kuwerenga, mawu anatuluka molunjika, kufika mpaka kukhomo.

"Nkhope yonse ikuoneka," anandinong'oneza mayi a kunyumba. "Wavala kapulana watsopano, chitenje chokongola."

Pakati pa ndime mayi wa nyemba anaima. Mawu otsatira anali pa lilime langa, okonzeka kudumpha. Ndinawameza. Tinadikira naye limodzi mpaka anapitiriza yekha.

Mwana wake sanabwere chaka chimenecho, ndipo mpaka pano tikumutchulabe m'mapemphero. Ine anandipala diso limodzi nyemba zitayamba maluwa, linalo pambuyo pake. Zilembo zinabwerera zakuda bii, zokongola kuposa kale. Akulu a mpingo anagamula kuti tizisinthana, sabata ino iye, yamawa ine.

Tsopano likafika tsiku langa, gome limandilekeza m'chiuno. Kuti ndione zilembo ndiyenera kuwerama ngati munthu wopalira mbatata, ndipo wowerama sathamanga powerenga, mpweya umamuthera. Ena anandiuza kuti ndikhome lina lalitali, matabwa alipo. Ndinakana. Mayi a kunyumba amati zaka zonsezi ankapemphera kuti mwamuna wawo adzaphunzire kuwerama pamaso pa Mulungu, koma sankadziwa kuti pangofunika sowo.

Adiventi yapitayi ndime ya ana obwerera kwawo inagwera sabata yanga. Nditafika pamalo paja ndinaima, n'kukweza maso. Mayi wa nyemba anali pa benchi yake ya nthawi zonse. Anagwedeza mutu pang'ono, ndipo ndinapitiriza.