Tsiku limene ndinabwereketsa dzanja

Loweruka lapitali ndinabwereketsa dzanja langa la manja. Njinga sindibwereketsa, mukudziwa nonse, koma dzanja ndinabwereketsa.

Kumpadire wanga Zuze, bwenzi la ponda apa nane mpondepo, ali ndi mphwake, Ferenando, amene wakonda mwana wa Sinyoro Momade, Msilamu wochokera kunyanja yamchere uja watsegula lozha, sitolo ija, pa Fíngoè. Mnyamatayo wafika poonda nacho chikondi. Sinyoro Momade anati asanayankhe, amalume a mnyamata abwere adzadye naye, aone ngati ndife anthu.

Tsono Zuze dzanja la manja alibe. Linatsala m'munda ku Chipera chaka chomwe tinabwerera kuchoka kothawa nkhondo, khasu litagunda mina, bomba lokwiriridwa pansi. Iye amati linatsogola kukamugwirira malo kumanda.

Anasankha ine kuti ndimperekeze poti ndinayenda. Kodi ndani sanayende? Nkhondo inatimwaza ngati nkhuku zoona kabawi, ndipo aliyense wabwera ndi kadyedwe kake. Obwera ku Zimbabwe sagwira chakudya asanaombe m'manja. Amene tinali m'misasa ku Zambia timapukuta mbale mpaka galu kutukwana, chonsecho makolo anatiphunzitsa kuti mlendo amasiyako pang'ono kuti ana apeze. Wina anatsukako mbale za azungu miyezi yochepa, lero akuthamangitsa nyemba ndi foloko, njala ili tsonga. Paukwati masiku ano mbale ndi imodzi, malamulo ndi a mayiko anayi.

Ndiye panjira, ndikupalasa, Zuze ali pakaliyala, ndinayamba sukulu.

"Kumpadire, kwa Asilamu sadyera kumanzere. Dzanja limenelo ntchito yake ndi yakuthengo."

"Nanga ndidyere phazi?"

"Ukapisa lamanzere m'mbale imodzi ndi mwini mwana, Ferenando akwatira mbuzi."

Mnyamata uja ndi wa malemu mlongo wake wa Zuze, anamubereka kumsana pothawa nkhondo. Ndiye Zuze anati, "Tsono titani?"

Nzeru zinabwera, poti sukulu ndinalekeza panjira, m'mutu munatsala malo. Tinapangana kuti mkono wodukawo aubise m'jekete, ine ndikanene kuti kwathu malume wamkulu sadzidyetsa yekha kwa apongozi, amadyetsedwa.

Tinafika. Anatiyalira mphasa, tinasamba m'manja, kunabwera mbale yaikulu ngati lichero, mpunga phiri, mbuzi pamwamba. Ndinalengeza mwambo wathu ndi nkhope ya padre wa kutchalitchi. Sinyoro Momade anangogwedeza mutu.

Ndinayamba ntchito. Mpunga kwa Zuze, mpunga kwa ine. Nyama nayo ndinkaitenga ndi mtima woti ipite kwa Zuze, koma dzanja limadziwa kwawo. Linkafika pakati n'kukhota lokha.

"Nyama, mfiti iwe," ananong'ona.

"Malume wamkulu salankhula akudya," ndinayankha mokweza.

Mwini nyumba anatiyang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa, "Mwambo umenewu ndi wa kuti, madala?"

"Wa ku Chiputo, m'kati mwenimweni."

"Ku Chiputo ndimagulako chimanga. Ndadya m'makomo ambiri, sindinauone."

"Umachitika nthawi ya mvula, msewu ukaduka."

Sanaseke. Apa ndinaona ukwati wa Ferenando ukutuluka pakhomo. Akulu anati kwa eni mutu wa nkhuku ndi chiwalo, koma sananene zoti uchite mwini nkhuku akakugwira bodza.

Zuze anameza mpunga wake wouma, anatulutsa mkono uja m'jekete n'kuuika pabondo.

"Sinyoro, mwambo palibe. Dzanja ndi limene palibe. Ndinaopa kukudetserani mbale, mwana wa mlongo wanga n'kutaya mkazi chifukwa cha ine."

Sinyoro Momade anayang'ana chitsa chija. Anafunsa kuti ndi mina, Zuze anavomera. Ndiye anatembenuza mbale kuti mbali ya nyama yotsala iloze kwa Zuze.

"Lamulo la dzanja la manja ndi la amene ali nalo. Idyani, apongozi."

Munamva? Apongozi. Zuze anapisa lamanzere, ndipo denga silinagwe.

Tsono inu oyenda, inu amene mukukonza mapepala kuti mukaone kunja, mudzamva zambiri. Kwakuti usamalize m'mbale, kwakuti maliza, kwakuti geya kuti wophika asangalale. Phunzirani, n'zabwino. Koma ine ndinaloweza malamulo onse a Sinyoro Momade kwa anthu a pamsika, n'kuiwala kufunsa mwini wake. Mwambo wa eni ukaumva kwa odutsa umaluma kuposa mmene eni akeyo amaugwirira. Kodi pakamwa pamene tikudyerapo sipomwe tingafunsire?

Potiperekeza, Sinyoro Momade anagwira Zuze paphewa n'kundiloza ndi chibwano.

"Tsiku la ukwati uyu mudzamusiye kunyumba. Wamaliza mwendo wonse wa mbuzi yekha."

Zuze wavomera, munthu wosayamika. Ndifunse inu owerenga: dzanja lobwereka, lolimbika chonchija, lizibwerera kwawo lopanda malipiro?