A Kalinde ndi Akamwini a mu Kompyuta

A Kalinde ndi a ku Thyolo, kuno ku Kadewere anabwera chikamwini. Zaka makumi awiri akhala akulima munda wa apongozi, ndipo apongoziwo amawatchulabe kuti "aja obwera aja". Poti kale ankataipa pa Boma, gulu lathu la alimi a ng'ombe zamkaka litalandira kompyuta mu 2007 anaipereka kwa iwo.

Mu kompyutamo munali pulogalamu yosunga mayina a alimi ndi ng'ombe zawo. Pa pulogalamuyo ankalumikizapo tina ting'onoting'ono, totchedwa mapulagini, kalikonse ndi ntchito yake. A Kalinde ankati amenewo ndi akamwini. Watsopano ankamuyesa kaye pa kompyuta ina yakale. Waulesi sankamuthamangitsa tsiku lomwelo, ankangomuzimitsa mwezi wathunthu.

"Muone kaye ngati denga silidontha iye atachoka," ankatero.

Pulagini imodzi inkasunga mzere wa oyembekeza kulandira thole, pakuti ng'ombe ikabereka lalikazi limapita kwa mlimi wotsatira. Mai Elestina anadikira zaka zitatu, khola anamanga mpaka linayamba kudyedwa ndi chiswe. Tsopano dzina lawo linali pamwamba.

Sabata yomweyo kunabwera Trevor, katswiri wa ku Limbe, wa nsapato zosongoka ngati tsabola. Anabweretsa pulagini yatsopano yosunga mzerewo.

"Madala, yakaleyi tifufute. Ndi nkhalamba."

"Nkhalamba ndi ine, achimwene, koma kwathu sanandifufute. Ingoizimitsani."

Trevor anaseka, koma anamvera. Kuyesa pa kompyuta yakale kuja anakana, akuti minibasi imusiya.

Lachisanu Mai Elestina anafika ndi chingwe m'manja. A Kalinde atatsegula mzere, pamwamba panali a Abbas, amene analowa gulu mwezi wathawu. Pulagini yatsopano inali itasanja anthu motsata zilembo, osati tsiku limene analembetsa.

"A Kalinde," anatero mayiwo mofatsa, akukulunga chingwe pa dzanja, "chingwechi lero chimanga chinthu. Kaya ndi thole, kaya ndi inu."

A Kalinde anatembenukira ku kompyuta. Anazimitsa yatsopano, nadzutsa yakale. Kompyuta inalira ngati ikutsokomola, kenaka dzina la mayiwo linatulukira pamwamba.

Mai Elestina sanathokoze. Anapita kukhola, namanga thole lawo, ndipo podutsa pa zenera la ofesi anasuzumira.

"Wa ku Limbe uja akabweranso mundiitane. Chingwe china ndili nacho."