Mbiri ya Esinati, Zipi ndi Mkuwa

Ndinadzuka kusanache, ngati munthu wogona pa thumba la feteleza anganene kuti wadzuka. Moto wa pasiwa unali utazilala. M'nyumba azimayi ankaimbabe ndi timawu totsala. Ndinagwira thumba la jekete kuti ndimve ngati pepala lilimo. Linali la mbiri ya malemu Esinati, mwana wa mlongo wanga. Ine ndine malume ake, choncho kuliwerenga kumanda inali ntchito yanga.

Kwathu kuno, kuseri kwa Sinda, anthu amati ndimawonjezera nkhani. Limenelo ndi bodza. Mbewa imene ndinakumba chaka cha njala inafunikadi ngolo, ndipo ng'ombe zimene zinaikoka zilipo, mukazifunse.

Esinati anakhala ku Japani zaka zambiri, akuphunzira. Anabwerako chaka chatha ataonda, ndipo anamwalira ku chipatala ku Katete ndi khansa ya m'magazi. Mtembo usanafike, nkhani inali itafika kale pa mjigo: akuti kunjako ankagulitsa magazi a anthu, ndiye eni malondawo atenga ake.

Kukuyera, mlongo wanga anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Alongo, lero musaseketse anthu. Muwauze zimene mwana wanga ankachita. Mawa wokatunga nawo madzi ndine."

Ndinavomera. Zimene ankachitazo ndinkazidziwa, chifukwa tsiku lina ali pamphasa anandifotokozera ndi chikwama chake cha zipi. Anati m'thupi mwa chamoyo chilichonse muli ulusi wotchedwa DNA, umene umachititsa mwana kufanana ndi makolo ake. Ulusiwo uli ndi mbali ziwiri zolumana ngati mano a zipi. Iye ndi anzake ankapanga ulusi wotere ndi makina, n'kuikamo mano awiri achilendo amene salumana okha. Akathiramo madzi osungunulamo mkuwa, kamkuwa kamodzi kamakhala pakati pa manowo, zipi imatseka, ndipo ulusiwo umayamba ntchito yodula ulusi wina. Akachotsa mkuwa, zipi imatseguka, ntchito imaima. Ankalakalaka kuti tsiku lina padzakhale mankhwala oyatsa ndi kuzimitsa ngati tochi. Magazi a munthu sanagwirepo. Ndinamufunsa ngati anapitiradi ku Japani kukaona mkuwa, dziko lathu lili pamwamba pa mkuwa. Anaseka mpaka kutsokomola.

Dzuwa linatuluka lokwiya. Pofika mmamawa ndithu chithunzithunzi changa chinandisiya n'kukabisala pansi pa ngolo, ndikulumbira. Kuseri azimayi anakoleza moto m'malo asanu ndi awiri, utsi n'kukana kukwera. Anthu anayamba kufika: a ku Vubwi pa lole ya thonje, aphunzitsi a ku Katete ndi mataye, amayi a Chigwirizano ndi yunifomu yawo yoyera ndi yakuda. Njinga zinatsamirana pa mtengo wa mango mpaka mtengowo unapendeka. Ukadali wopendeka mpaka lero. Si onse anabwera kudzalira. Poona nkhope, mayi wina anawerama nthawi yaitali, maso ali pa zala za malemu, ngati akuwerenga kuti zonse zilipo. Ndinamuona, koma malume sakankha munthu pamaliro.

Abusa atalalikira pakhomo, tinanyamuka. Bokosi linadutsa m'minda yolimidwa kale, yongodikira mvula. Fumbi linatidetsa tonse, moti woyera malaya ndi wakuda malaya anafika kumanda atavala zofanana. Kummawa mitambo inali kuunjikana. Adzukulu anali atakhala pa mulu wa dothi, makasu ali pamiyendo.

Abusa ananditchula. Ndinaimirira, ndinatambasula pepala. Za kubadwa, za ubatizo ndi za sukulu zinayenda bwino. Kenako ndinafika pa ntchito yake. Ndinayamba ndi ulusi. Anthu anatchera khutu. Ndinanena za mano a zipi, ndipo bambo wina kutsogolo anayang'ana pa buluku lake. Ndinanena kuti zinthuzo n'zazing'ono koti miyandamiyanda ingakwane m'dontho limodzi la madzi, malo n'kutsala. Pamenepo ndinaona mapewa a aphunzitsi awiri akugwedezeka. Ndinachita mantha, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu amene amatuluka nthawi zonse.

"Ndikulumbira, n'zoona."

Chiseko chinayambira kwa adzukulu. Chinadutsa mwa amuna, chinakafika kwa azimayi amene anabisa nkhope m'zitenje. Sichinali chiseko chankhanza. Ankaganiza kuti ndikuwapepuza mtima, monga ndimachitira pa maliro a ena. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti, "Wabisa bwino mkuluyu. Ukamva zipi, dziwa kuti nkhani ija ndi yoona."

Ndinayang'ana papepala. Panalibenso mawu ena. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikunama anthu n'kumagwedeza mitu, lero ndanena zoona zokhazokha, palibe wondikhulupirira. Mlongo wanga sanaseke, sanalire. Ankangoyang'ana bokosi. Ndinapinda pepala n'kukhala pansi.

Mvula inayamba adzukulu akukwirira. Madontho ake anali aakulu ngati... ayi, anali madontho wamba. Nkhata zamaluwa tinaika mothamanga. Anthu anabalalika, ena osabwereranso kudzasamba m'manja.

Madzulo pakhomo panatsala mafuwa akuda, mabenchi a kutchalitchi atanyowa, ndi nsapato imodzi ya munthu wosadziwika. Ndinakhala pakhonde. Ndinkaopa kulowa. Mlongo wanga anatuluka yekha, atanyamula chikwama chija, n'kukhala pansi pambali panga.

"Amake Esinati, ndakulakwirani," ndinatero.

"Simunawonjezere kanthu. Inenso anandiuza chomwecho, ndi chikwama chomwechi. Sindinamve, ndinangogwedeza mutu kuti asatope." Anachiika pamiyendo. "Nenaninso. Pang'onopang'ono. Osalumbira."

Ndinanenanso. Iye ankabwereza pambuyo panga ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. Pa DNA lilime linkamukana, tinagwirizana kuti azingoti ulusi. Kawiri anaiwala ngati mkuwa umatseka kapena umatsegula.

"Akandifunsa kuti zinachiritsa ndani?"

"Munene kuti sanamalize."

Nkhuku zinalowa m'khola, kunayamba kuda. Kenako mlongo wanga analowa m'nyumba, anatenga chidebe cha madzi, anachiika pafupi ndi chitseko kuti mmawa asachifunefune, anaika chikwama m'kati mwake. Ndili panja ndinkamva zipi ikutseka ndi kutseguka, iye akunong'ona yekha: ukaika mkuwa imagwira, ukachotsa imaima.