Lonjezo la Dokotala Galbraith kwa Ishbel

Mundikhululukire, sindinalembepo nkhani chibadwire, koma mkwiyo wandikakamiza.

Ishbel Rennie ndi namwino wa mumzinda wa Dundee amene amatsuka zilonda za okalamba m'makomo mwawo. Ankafuna kukaphunzira kuti azilembera odwala mankhwala yekha, asamadikire dokotala. Sukuluyo imafuna kuti wophunzira akhale ndi womuyang'anira pantchito, ndipo Dokotala Galbraith anavomera. Tsiku lotseka kalembera wa ophunzira litafika, adokotalawo anatembenuka.

"Pepani Ishbel, ndatanganidwa. Chaka chamawa, eti?"

"Chaka chathanso munatero, adokotala! Zilondazo nazo zidikire chaka chamawa?"

Iwo anangoseka, n'kunyamula tiyi wawo.

Ine ndine namwino mnzake, ndipo chilolezo cholembera mankhwala ndili nacho kale. Zongomupepesa ndasiya. Kalembera akadzatsegulidwanso, womuyang'anira ndidzakhala ineyo.