Tsiku Lomwe Ndinasowa North pa Boma

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali sitandade sikisi kwathu ku Senga Bay, pasukulu pomwe fungo la usipa linkalowa m'kalasi osaodira. Bambo anga, msodzi, anali atagamula kale kuti chaka chikatha ndisiye sukulu, ndizithandiza amayi kuyanika nsomba pathandala. Chiyembekezo changa chinali mpikisano wa mafunso wa pa boma. Ndinkati ndikakapambana, mwina mtima wawo ufewa.

Otikonzekeretsa anali a Kambalame, aphunzitsi ochokera kumtunda, amene ankamanga tayi ngakhale mu Okutobala, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Liwu lawo lapamtima linali north, ndipo ankalitchula ngati dzina la amalume awo olemera. Ankati akatswiri amaganiza kuti linachokera ku liwu lakalekale lotanthauza kumanzere, chifukwa munthu ukayang'ana kotulukira dzuwa, north amakhala kudzanja lamanzere. Koma poti kwathu dzuwa limatulukira panyanja, iwo anadula njira.

"Yang'anani nyanja! Kwezani dzanja lamanzere! Uko ndi kuti?"

"North!"

Tsiku ndi tsiku tinkaima pamchenga wotentha, opanda nsapato, manja ali m'mwamba ngati tikuimitsa minibasi. Wokweza lamanja ankalawa kashamu ka bwemba. Sanatiuzepo n'kamodzi komwe kuti north ameneyu ndi kumpoto komweku, kochokera mphepo ya mpoto imene abambo athu ankaitchula tsiku lililonse. Chichewa m'kalasi mwawo chinali mlandu.

Tsiku la mpikisano linafika. Mu holo ya pa boma malata ankathetheka ndi kutentha. Mafunso oyamba ndinakhoza onse. Pa lomaliza, loti nditenge mphoto, wofunsa anati ndiloze north. Mtima unati myaa, poti izi ndiye zinali zakumwa madzi. Ndinatembenuka kufuna nyanja. Kutsogolo khoma, kumbuyo khoma, pazenera mbuzi ndi njinga za kabaza. Ndinazungulira kawiri, dzanja lamanzere lili lokonzeka, kenako ndinafunsa mwaulemu wonse:

"Pepani bwana, nyanja ili mbali iti?"

Holo yonse inafa ndi phwete. A Kambalame anayamba kuwerenga malata kudenga. Mphoto inapita kwa mtsikana wa ku Lifuwu, yemwe anangosuzumira mthunzi wa mtengo panja n'kuloza. Ndi iyeyo amene anandinong'oneza potuluka kuti north ndi kumpoto basi. Ndinalira njira yonse, manyazi ndi mantha pamodzi.

Bambo ndinawapeza akusoka ukonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Kodi nofuyo ndi chiyani?"

"Akuti ndi kumpoto, ababa."

"Kumpoto? Zaka zonsezi kusukulu, mpoto sukuudziwa?" Anapukusa mutu n'kuitana amayi. "Amake Esinati, mwana uyu pathandala musamuyandikize. Munthu wosadziwa kochokera mphepo angatiwoletsere usipa wonse. Abwerere kwa aphunzitsi akewo, azikasochera limodzi."

Lero ndimalandira alendo pa loji. Ana a masiku ano ali ndi mafoni owalozera north ngakhale ali m'bafa, koma mphepo ikamasintha sadziwa kanthu, amangodabwa zovala zitauluka pachingwe. Sindiwaseka kwambiri, ndilibe pakamwa. Anzanga ochenjera aja, odziwa mphepo iliyonse ndi dzina lake, anakalambira pathandala. Ine sukulu ndinaimaliza chifukwa bambo anga anandiyang'ana bwinobwino n'kuona kuti ndilibe ntchito.