Nyimbo za Malke Zoyenda Chafutambuyo

Nisane ankaphika tiyi pasukulu yathu ya tchalitchi ku Kamishli, ndipo masana ankasoka madiresi a akwatibwi. Ana ankamukonda chifukwa m'thumba mwake simunkasowa mphesa zouma. Koma ikafika nkhani ya mlamu wake Gawriye, mayiyu analibe chisoni ngakhale pang'ono.

Mwamuna wake, Malke, anali mphunzitsi mnzanga. Kwa zaka zambiri ankayendera nkhalamba zochokera kumapiri a Turabdin, n'kumalemba nyimbo zawo zaukwati ndi zogonekera ana. Masiku amenewo makompyuta sankazidziwa zilembo zathu za Chisiriya. Malke anazijambula yekha n'kuziika m'malo mwa zilembo za Chingelezi. Vuto lina linali lakuti ife timalemba kuchokera kumanja, pomwe makinawo ankangodziwa kuyambira kumanzere. Choncho mzere uliwonse ankautayipa kuyambira kumapeto, Nisane akumuwerengera chilembo chimodzichimodzi chafutambuyo, kuti papepala utuluke bwino.

Malke atamwalira, mkulu wake Gawriye, wogulitsa matayala, anabwera anthu asanamwazikane pamaliro n'kutenga madisiki onse osungira nyimbozo.

"Za m'bale wanga ndi zanga, mlamu. Inu zanu ndi singano."

"Mukaziwerenga ndi maso ati, alamu? Dzina lanu lomwe amakulemberani ndi ansembe."

Sanali kunama. Monga ambiri mwa ife, Gawriye ankayankhula chinenero chathu, koma kuwerenga ankatha Chiarabu chokha.

Patapita zaka, zilembo zathu zinapatsidwa malo ake: chilichonse chinalandira nambala yakeyake yodziwika m'makompyuta a dziko lonse, ndipo makina atsopano anayamba kuyenda okha kuchokera kumanja. Ana anga a m'kalasi anayamba kulemberana ndi asuweni awo a ku Sweden, ine n'kumangomwetulira. Gawriye naye anamva. Analengeza kutchalitchi kuti akutulutsa buku la nyimbo za makolo zimene anasonkhanitsa iye mwini. Malke sanamutchule n'komwe.

Katswiri wina wa ku Aleppo, yemwenso sankawerenga Chisiriya, anavomera kusamutsira nyimbozo ku manambala atsopano, koma anafuna disiki ya zilembo zimene Malke anajambula. Imeneyo inali m'kabati ya Nisane. Gawriye anabwera ndi bokosi la maswiti, ndipo Nisane anamupatsa disikiyo osatsutsa.

"Mwamukhululukira, mayi?" ndinafunsa.

"Ndamupatsa zimene anapempha, aphunzitsi," anatero, akudula ulusi ndi mano.

Lamlungu lina, Misa itatha, mabuku anaunjikidwa patebulo pabwalo la tchalitchi. Gawriye atavala jekete latsopano anapempha dikoni wathu, bambo Shabo, kuti awerenge nyimbo yoyamba. Bambo Shabo anapukuta magalasi, natembenuza bukulo, nalitembenuzanso.

"Gawriye, mwana wanga, zilembozi ndi zathu ndithu. Koma mawuwa akuyenda ngati bulu wokana katundu."

Makina atsopano anali atatembenuzanso zimene Malke anatembenuza kale. Mzere uliwonse, m'buku lonse, unali chafutambuyo.

Nisane anaika pansi ketulo, natenga buku limodzi. Anaika chala kumanzere kwa mzere, kumene palibe munthu wa kwathu amayambira, n'kuyamba kuimba nyimbo yogonekera mwana. Amayi achikulire anayamba kuvomera, ena akupukuta misozi.

"Amene amatha kuwerenga chonchi tinali awiri, alamu," anatero atamaliza. "Winayo munamuika m'manda, lero mumafuna kumuikanso. Tiuzeni, nyimboyi munaimva kwa mayi uti?"

Gawriye anayang'ana nsapato zake.

"Bwanji simunandiuze, mlamu?"

"Munati zanga ndi singano."

Mawa lake Gawriye anabwera kusukulu, opanda maswiti, kudzapempha kuti bukulo likonzedwe. Nisane anamusiya chiimire mpaka tiyi wa ana onse atathiridwa. Kenako anati pachikuto palembedwe dzina la Malke, ndipo pansi pa nyimbo iliyonse dzina la mayi amene anaiimba.

"Nanga langa?"

"Lanu lili kale pachikwangwani cha matayala."

Buku lachiwirilo ndi limene timaphunzitsira ana mpaka lero. Loyambalo Nisane anasungako limodzi. Anachirikizira nalo mwendo wa makina ake osokera umene unkagwedera, chikuto chili m'mwamba, kuti aliyense wodzayesa diresi aone dzina la Gawriye litapondedwa.